Kugawana Masamba a Malemu

Amuna anga anamwalila m'nyengo ya kupalila, chimanga chili m'mawondo. Anasiya njinga, wailesi, makasu, majekete awili, mbuzi zingapo, kompyuta yakale yopinda imene inkafuna kutsamila khoma kuti isadzitseke yokha, ndiponso nkhani zawo za pa intaneti. Zonsezi zinagawidwa monga mwa mwambo. Za mbuzi sindinenapo, zinayenda bwino. Ndifuna kusimba za nkhanizo.

Malemuwo anali kalaliki wogula thonje kuno ku Ndake mpaka pamene maso anayamba kuwavuta pa sikelo. Atapuma ntchito, pakamwa sipanapume. Ine ndinali ndi kothawila, chifukwa m'mawa uliwonse ndimapita kukagulitsa nthochi pa mseu ku Nyimba. Amene analibe kothawila ndi mwana wathu wamkazi, yemwe amakonza mafoni ndi makompyuta pa boma ku Petauke. Atate ake ankamuimbila ali pa ntchito kuti amufotokozele chifukwa chake mbozi za chaka chino n'zamwano kuposa za chaka chatha. Tsiku lina mwanayo anafika ndi kompyuta yotsamila khoma ija nati, "Atate, makutu anga atopa. Muzilemba, dziko lonse lindithandize kumva."

Anawakonzela malo pa intaneti. Mmene ndinamvela ine, kwinakwake kuli kompyuta yosazima, ndipo m'menemo muli foda, monga thumba. Nkhani iliyonse ndi fayilo yakeyake m'thumbamo, ndipo dzina lake limayamba ndi tsiku limene inalembedwa. Kalembedwe kake amati makidauni. Si kovuta. Umalemba mawu wamba, koma pa mutu wa nkhani umayamba ndi kachizindikilo kooneka ngati waya wootchela nyama, ndipo mawu amene ufuna kuti anenepe umawatsekela pakati pa tinyenyezi. Munthu akatsegula pa foni yake, pulogalamu imene mwanayo analemba imalowa m'thumba muja, imayala nkhani zonse kuyambila yatsopano mpaka yakale, n'kuzipatula zisanuzisanu. Zisanu zoyamba ndilo tsamba loyamba. Pansi pake pali mawu akuti Kutsogolo ndi Kumbuyo, oti udine ukafuna tsamba lina. Zonsezi ndinazidziwa pambuyo pake. Nthawi imeneyo ndinkangodziwa kuti dzuwa likapendeka amuna anga amakwela pa chulu cha kuseli kwa khola, pamene pankagwila netiweki, kukatumiza nkhani, ndi kuti m'nyumba munalowa bata.

Owelenga sanali ambili: mphwawo wa ku Lusaka amene ankawaitana amalume, katekisti wathu, ndi bambo wina wa ku Mozambiki amene ankatsutsa chilichonse chokhudza thonje. Komabe malemu ankavala jekete polemba.

Titaika malilo, kumeta kutathanso, abale awo anakhala pansi pa mango a pakhomo kuti agawe katundu. Wotsogolela anali alamu anga aakulu, mkulu wawo wa malemu, munthu wosakonda mikangano koma wokonda kwambili kuiweluza. Njinga anatenga iwo. Kompyuta inapita kwa mphwawo wa ku Lusaka uja, pamodzi ndi malangizo a khoma. Ine anandisiyila nyumba, munda, mapoto, ndi wailesi poti inali yakufa kale. Sindidandaula. Ena amasiyidwa ndi mphasa yokha.

"Chatsala n'chiyani?" anafunsa alamu, akupukuta chishalo cha njinga ndi chikhatho.

Mphwawo uja, pofuna kuti tidziwe kuti iye ankawelenga, anati, "Nanga nkhani za amalume za pa intaneti?"

"Zija sizigawidwa, atate aakulu," anatelo mwana wanga. "Aliyense amene ali ndi foni atha kuziwelenga."

"Chitsime nachonso aliyense amatungapo, koma chili ndi mwini wake. Chinthu cha munthu wakufa sichigona panja chopanda mwini. Zilipo zochuluka bwanji?"

"Masamba asanu ndi limodzi. Koma masambawo sali ngati mbuzi, chifukwa..."

Ndinamutsina pa ntchafu. Pa malilo a atate ako suphunzitsa akuluakulu.

Choncho masamba anagawidwa. Loyamba anatenga alamu aakulu, poti mutu wa mbuzi umapita kwa wamkulu. Atatu otsatila anapita kwa aphwawo atatu, aliyense lake. Lachisanu anapatsa alamu anga aakazi, mlongo wawo wa malemu, amene anakwatiwa ku Msanzala. Lomaliza linabwela kwa ine kuti ndisatuluke chimanjamanja. Tsamba langalo silinali lodzaza n'komwe. Panali nkhani ziwili zokha, zakale kwambili. Ina inali ya kusunga nyemba ndi phulusa. Inayo inangonena kuti, "Kuyesa, kuyesa, kodi zikuoneka?"

Aphwawo anati awo akawelenga okha kwawo. Alamu aakazi, amene foni yawo ndi ya mabatani, anafuna kumva pomwepo chimene alandila. Mwana wanga anakwela pa chulu, natsegula tsamba lachisanu, natsika nalo n'kuyamba kuwelenga mokweza. Ziwili zoyamba zinali za mbozi, ndipo anthu anagwedeza mitu mwaulemu. Yachitatu mutu wake unali wakuti "Mmene ndinaphunzilila kusenza madzi".

Nkhani imeneyo ndinkaidziwa. Zaka zambili zapitazo anandichita opaleshoni ku chipatala cha ku Minga, ndipo nditabwela sindinkatha kunyamula ngakhale poto. Mwana anali ku sukulu yogonela konko. Amuna anga anatenga ndowa napita ku chitsime. Analemba kuti tsiku loyamba anafika ndi madzi m'malaya, m'buluku ndi m'nsapato, koma m'ndowa munatsala okwanila kumwetsa anapiye. Mawa lake amai a pa chitsime anawamvela chisoni, nawapindila nkhata, nawauza kuti madzi samvela khosi, amamvela chiuno. Ndiye kalaliki wa thonje anadutsa mudzi wonse akuphunzila kugwedeza chiuno, amai akuwaombela m'manja kumbuyo. Pomaliza analemba kuti ine, ndili gone pa mphasa, ndinasuzumila m'ndowamo n'kufunsa kuti, "Bambo, kodi chitsime chauma?" ndi kuti atamva mwano umenewo anadziwa kuti mkazi wawo achila.

M'nkhani zawo zonse ine ndimapezeka m'menemo mokha. Kwina konse malo anatenga mbozi ndi thonje.

Anthu anaseka. Kunali kuseka koyamba pakhomopo chimwalilile malemu. Alamu aakazi sanaseke.

"Nkhani iyi ili pa tsamba langa?"

"Eya, atate aakazi."

"Ndiye ichoke. Mlongo wanga kugwedeza chiuno, dziko lonse likuonelela? Adzukulu adzawelenge zimenezi? Anthu adzati anadyetsedwa mankhwala." Ponena izi sanayang'ane ine, anayang'ana mapoto anga.

Alamu aakulu anakhosomola naweluza kuti cha malemu sichiwonongedwa chikumbutso chisanachitike. Tikadzakolola, tikadzaika mwala pa manda, mwini tsamba adzachite ndi tsamba lake monga afunila. Onse anavomela. Inenso ndinaomba m'manja, poti wamasiye amaomba m'manja.

M'mawa mwake, mwana wanga akulongedza chikwama, anandipeza ndikusesa malo amodzimodzi.

"Musadandaule, amai. Ndikusungilani ina pa foni yanu. Palibe amene adzadziwe."

Ndinakana. Kumeneko n'kubisa jekete pansi pa mphasa pa tsiku logawa katundu. Ndiponso atate ake sankakwela chulu kuti nkhani ikagone m'thumba la delesi langa. Anaiika poyela, ndipo ndinafuna ikhale poyelapo.

"Ndiye ndisinthe tsiku pa dzina la fayilo, ioneke ngati yakale. Igwela pa tsamba lanu lelo lomwe."

"Unamizile wakufa tsiku?"

"Kapena ndiuze pulogalamu iziika zisanu ndi imodzi pa tsamba m'malo mwa zisanu. Ndi nambala imodzi chabe."

"Uko n'kusuntha malile a minda anthu ali m'tulo."

Apo anatopa nane. "Amai, masambawo kulibe n'komwe. Mu foda muli nkhani zokha. Tsamba limapangidwa pamene munthu watsegula, ndipo akatseka limatha. Mwagawana mphepo."

Ndinamuuza kuti mphepo imeneyo inagawidwa pamaso pa anthu, ndipo tinaomba m'manja. Anatsonya pang'ono, monga ankachitila atate ake, napita kukakwela basi.

Nzelu zinandipeza ku tchalitchi. Mabenchi a kwathu alibe zotchinga m'mbali. Sondo ina ndinakhala kumapeto kwa benchi, ndili m'zakuda zanga. Ulaliki uli mkati kunalowa mai wina wathupi, nakhala mbali inayo. Aliyense anasendela pang'ono, ndipo ine ndinapezeka theka lili pa benchi, theka lili m'malele. Ndinanyamuka n'kukakhala benchi la kumbuyo. Palibe amene anandithamangitsa, palibe amene anasuntha benchi. Ulaliki wotsalawo sindinaumve.

Nditafika kunyumba ndinakwela pa chulu ndi zovala za ku tchalitchi zomwezo, n'kumuimbila mwana wanga.

"Iwe, nkhani yatsopano ikalowa mu foda muja, zakale zimatani?"

"Zimasendela, amai."

"Nanga ya pansi penipeni?"

"Imagwela pa tsamba lotsatila." Kenako anafunsa kuti, "Amai, mwaganiza chiyani?"

"Pansi pa nkhani ya madzi pali zingati?"

"Ziwili."

"Ndiye tifuna zatsopano zitatu."

"Alembe ndani? Atate anapita."

"Ine zala ndili nazo."

Anaseka nthawi yaitali, mpaka ndinamukumbutsa kuti foni ikudya. Kenako anafunsa ngati kumeneku si kusunthanso malile. Ndinati ayi. Atate ake ankatelo masiku onse, ndipo nkhani zinkasendela popanda wodandaula. Ine ndingopitiliza kulima munda monga unkalimidwila.

Sukulu ndinalekela giledi yachinayi. Buku la nyimbo ndimawelenga, mauthenga a pa foni ndimalemba, koma chinthu chokhala ndi mutu ndinali ndisanalembepo. Ndinasankha nkhani imene ndimaidziwa bwino, ya utitili wa nkhuku: kutentha udzu wakale wa m'zisa, kuwaza phulusa m'khola, kuyala masamba a fodya pamene thadzi lifungatila. Ndinalemba pa foni ndili pa mseu, mabasi akadutsa, zala zikumata ndi utomoni wa nthochi. Kachizindikilo ka waya kaja ndinali nditaona malemu akuyamba nako. Ndinaganiza kuti ndi ulemu, monga kuodila pakhomo pa munthu, choncho ndinaodila pa mzele uliwonse. Mwana wanga anali wotanganidwa tsikulo. Anangokopela mawuwo mu fayilo, naipatsa dzina, naiponya mu foda osayang'ana.

Sipanapite masiku, alamu aakulu anafika pa njinga ya malemu. Anakhala pa mpando, nafunsa za moyo wa mbuzi zimene anatenga okha, kenako anati, "Mlamu, pa tsamba langa pagwa utitili."

"Pepani, alamu. Wochuluka?"

"Wa zilembo ngati za pa khoma la sitolo. Mzele uliwonse ukukalipa. Ndiponso nkhani ya mitundu ya thonje, imene inali pansi, siikuonekanso."

"Yasendela kwa mphwanu."

"Wailoleza ndani?"

Ndinawapatsa nthochi n'kuwafotokozela za benchi. Anamvetsela mpaka kumapeto, akusenda ina pambuyo pa inzake.

"Ndiye mukulima m'munda mwanga."

"Mng'ono wanu akanakhala moyo bwenzi akulemba, ndipo zikanasendela chimodzimodzi."

"Mng'ono wanga anali mwini. Musalembenso kufikila nditaganiza."

Anamanga phava la nthochi pa kaliyala napita. Ndinamvela. Nkhani ya madzi inali itatsika malo amodzi, n'kuima pamenepo. Chimanga chinamasula, chinabeleka, chinayamba kuuma makoko. Chaka chimenecho ndi chokhacho chimene ndinaona chimanga chikucha ine n'kumada nkhawa, chifukwa kukolola kukatha kunali chikumbutso. Alamu ankaganiza pang'onopang'ono. Ndikakumana nawo pa njila ankandilonjela bwinobwino, nati, "Ndidakaganiza, mlamu."

Chimene sindinkadziwa n'chakuti alamu anali atauza mudzi wonse, chigayo chonse ndi theka la msika wa Nyimba kuti tsamba loyamba ndi lawo. Anthu anayamba kutsegula kuti aone chuma cha alamu, napeza utitili. Ndipo utitili, mosiyana ndi mitundu ya thonje, aliyense ali nawo. Amai anayamba kuwaimika pa njila kufunsa ngati fodya wake akhale wouma kapena wamuwisi. Bambo wina amene nkhuku zake zinasiya kuthawa mazila anawapatsa tambala.

Tsiku lina njinga ija inalilanso pakhomo.

"Mlamu, ndaganiza. Munda wosalimidwa umalowa thengo. Za nthochi mungalembeko?"

"Ndingayese, alamu."

"Koma zilembo zija mwana wazichepetsa. Muuzeni azibwezele. Anthu akuno maso ndi ofooka."

Mwana wanga anakanitsitsa. Anati nkhani imakhala ndi mutu umodzi, munthu sakhala mitu yokhayokha. Tinagwilizana pa tinyenyezi. Nkhani yanga yachiwili, ya kuvundika nthochi m'dzenje kuti zipse mofanana, inatuluka ndi mawu onenepa ochuluka kuposa oonda, ndipo alamu anakhutila. Nkhani ya madzi inafika pansi penipeni pa tsamba la alamu aakazi, theka pa benchi, theka m'malele.

Yachitatu ndiyo inavuta. Nkhuku ndinali nditalemba, nthochi ndinali nditalemba, ndipo ndinapeza kuti zodziwa zanga zathela pomwepo. Ndinayesa ya kuphika chibwabwa, koma ndinachita manyazi, poti ndani sadziwa. Ndinayesa ya mbozi, mawu onse anatuluka a malemu. Chimanga chinalowa m'nkhokwe. Tsiku la chikumbutso linalengezedwa ku tchalitchi.

Kenako abale anabwela kudzaumba njelwa zomangila manda. Dothi labwino lapafupi linali la chulu chija. Ndinachoka m'mawa chilipo, ndinabwela madzulo chitasanduka njelwa zoyalidwa pa dzuwa. Palibe amene analakwa, njelwa zinali za malemu omwewo. Ndinaima pa dzenjelo, foni m'manja, yopanda netiweki ngakhale kamzele kamodzi. Mbuzi za anansi, zimene zinazolowela kukwela pamenepo, zinaima pafupi nane, nazonso zikuyang'ana.

Ndiye ndinalemba za chulucho. Ndinalemba mmene malemu ankakwelela atavala jekete, kompyuta ataikweza m'mwamba ndi manja awili monga wopeleka mphatso pa Misa, mbuzi zikutsatila. Mmene ankatsikila chafutambuyo chifukwa cha mawondo. Mmene ndinkawaitanila chakudya iwo n'kuyankha kuti, "Ikupita, ikupita, yatsala pang'ono." Sindinaikemo nyenyezi ngakhale imodzi, ndinaiwala. Ndinaitumiza ndili ku Nyimba, chikumbutso chili mawa lake, ndipo mwana wanga anaiponya mu foda ali m'basi yobwela kumudzi. Madzulo alamu aakulu anadutsa pakhomo. Sanakhale pansi, sananene za tsamba. Anandipatsa pampu ya njinga ya malemu, ngakhale njinga yeniyeniyo anapita nayo.

Pa tsiku la chikumbutso tinapita ku manda, ku kamtunda ka kuseli kwa mudzi. Katekisti ali mkati mwa pemphelo lodalitsa mwala, foni ya mphwawo wa ku Lusaka inalila. Anaizimitsa mwamanyazi, koma aliyense anali atamva. Titati amen, anthu anayamba kusolola mafoni m'matumba. Netiweki inali yodzaza. Mwana wanga anati n'chifukwa cha kamtundako. Amai ena anati yasamuka ndi njelwa. Alamu aakulu anati mng'ono wawo sakanapita kopanda netiweki, ndipo mawu amenewo ndiwo anakhazikika.

Alamu aakazi sanadikile kuti tifike kunyumba. "Poti yagwila pompano, tsegulani tsamba langa. Nthawi yakwana."

Mwana wanga anatsegula, nayamba kuwelenga mitu kuchokela pansi kupita m'mwamba. Mbozi. Mbozi zina. Kutupa mimba kwa ng'ombe. Kunola khasu.

"Ya madzi ili kuti?"

"Ili pa tsamba la amai, atate aakazi."

"Yayenda ndi miyendo?"

Alamu aakulu anafotokoza za benchi, monga kuti anakhalapo ndi iwo. Alamu aakazi anamvetsela, maso ali pa ine.

"Mlamu, kulemba munaphunzila liti?"

"Pa malilo omwewa, alamu."

"Chiwembu ichi. Achimwene, weluzani. Zobwelazo zichoke, nkhani ibwelele pamalo pake, ine ndiichotse."

Zinali zotheka. Mwana wanga akanangotulutsa mafayilo atatu mu foda, zonse zikanasendela chakumbuyo. Alamu aakulu anayang'ana mwala, nayang'ana kumwamba, nakonza jekete la malemu limene anavala.

"Dzungu likayanga n'kukabeleka m'munda mwa mnzako, ndi la mwini mundawo. Ukafuna kubweza lako, ubwezenso onse amene analowa mwako. Ine za utitili zinandibweletsela tambala, ndipo tambalayo ndinadya. Ndibweza bwanji?"

"Achimwene, mwagulidwa ndi nkhuku."

"Anali tambala, mlongo, wamkulu ndithu."

Mwana wanga anati padakali mutu umodzi umene sanawelenge, wa pamwamba penipeni, wochokela pa tsamba la asuweni ake. Unali wakuti "Mlongo wanga ndi mbewa zanga". Palibe amene anamuuza kuti awelenge, palibenso amene anamuletsa. Malemu analemba kuti ali kamnyamata anakumba mbewa tsiku lonse, mnyamata wamkulu n'kumulanda, ndipo mlongo wake anatuluka ndi munsi, nathamangitsa wakubayo mpaka kumuwolotsa mtsinje, nabwela ndi mbewa zonse ndi chipewa chomwe.

Alamu aakazi anati, "Anali awili. Walemba mmodzi, koma anali awili." Anamina pa nsonga ya chitenje. "Iyi isachoke."

"Kuti ya madzi ibwelele kwanu, atate aakazi, iyi iyenela kubwelela kwa asuweni."

"Ndanena kuti isachoke. Ya chiunoyo akhale nayo mwini wake. Ndiye anawadyetsa."

Ndinaomba m'manja. Tisanabalalike ndinafunsa chinthu chimodzi, chifukwa tsamba langa linali litadzaza ndipo benchi ndinali nditaliphunzila. Ndinati, nanga masamba amene sanabadwe, lachisanu ndi chiwili ndi ena otsatila, adzakhala a yani? Anthu anaseka. Alamu aakazi anati, "Atenge. Ndi mphepo ya pa phili yomwe atenge." Alamu aakulu anavomeleza pamaso pa anthu ndi pamaso pa mwala.

Sindinasiye kulemba. Ndinaganiza kuti ndisiya, koma zala zinazolowela, ndipo alamu aakulu amabwela kudzafunsa za tsamba lawo monga munthu woyendela dimba. Nkhani ya "Kuyesa, kuyesa" inagwela pa tsamba latsopano, lomwe ndi langanso. Chimene alamu aakazi anachizindikila mochedwa n'chakuti nkhani ya mbewa nayonso imasendela. Masiku ano amandiimbila kuchokela ku Msanzala, chinthu chimene sanachitepo mlongo wawo ali moyo.

"Mlamu, mwalembanso?"

"Kamodzi chabe, alamu."

"Muzilemba pang'onopang'ono. Mukuthamangila kuti? Nthochi simugulitsanso?"

Nkhani ino ikalowa mu foda, ya mbewa ifika pansi penipeni pa tsamba lawo. Ikadzalowa ina, idzagwela kwa ine. Ndawauza kuti asade nkhawa, ine sindichotsa za anthu. Anati ndili ndi pakamwa, ndipo akadzabwela kudzaona mwala tidzakambilana bwino. Ndawasungila nkhuku.

Ku manda munthu sapita wamba kukasaka netiweki, choncho ndimawelengela ku Nyimba. Dzulo, basi ya ku Chipata itadutsa, ndinapukuta zala pa chitenje n'kutsegula. Ndinadina Kutsogolo, kudutsa utitili wa alamu, kudutsa aphwawo, kudutsa mbewa, mpaka kufika kwanga. Amuna anga adakali pomwepo, nkhata pamutu, malaya ali chinyowele, m'ndowa muli okwanila anapiye. Mnzanga wogulitsa tomato anafunsa chimene ndikuseka. Ndinamupatsa foni kuti awelenge yekha.